Bilimankhwe pa Mkombaphala wa ku Bembeke

Mvula yavumba usiku wonse, ndipo pofika 6 koloko m'mawa nkhungu idakakutabe zitunda za ku Bembeke, moti Phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, silikuoneka n'komwe. Ndi kumayambiriro kwa Disembala. Oyamba kufika pa sukulu ya mkombaphala ndi amayi awiri amene lero ndi tsiku lawo lophika. Wina wasenza mtolo wa nkhuni za bulugamu, wina ndowa ya madzi a pa mjigo. Nkhunizo zanyowa, choncho kwa kanthawi ndithu kukhitchini kukungotuluka utsi ndi chifuwa.

Sukuluyi ndi ya zipinda ziwiri. Njerwa anaumba okha a m'mudzi, ndipo malata anabwera pambuyo pake, ana atavumbwa zaka zingapo. Mulibe madesiki, muli mikeka. M'mbali mwa zipupa alezi anagawa malo monga anawaphunzitsira: pena pa mabuku, pena pa zoimbira monga zisekese ndi ng'oma ya chitini, pena pa timatabwa tomangira nyumba totoledwa kwa kalipentala. Malo otchedwa a zachilengedwe ndi amene adzaza kuposa onse, chifukwa chilichonse chimene mwana watola panjira chimathera pomwepo: nthenga za nkhanga, chigoba cha nkhono, zibalobalo za paini, chisa cha mpheta chogwa ndi mphepo, nthanga za masuku zodzaza chipanda.

Cha m'ma 7 koloko ana ayamba kutulukira m'tinjira ta m'minda ya mbatatesi, ena ali kumsana kwa azikulu awo opita ku pulayimale, ena akudziyendera okha, kapu ya pulasitiki ili m'manja. Kuno kumazizira ngakhale m'dzinja, ndiye pafupifupi aliyense wavala juzi ya pa kaunjika yofika m'mawondo. M'kaundula muli mayina ochuluka kuposa ana amene abwera. Alezi nawonso alipo anayi, koma afika awiri okha. Enawo ali kumunda, ndipo palibe amene angawanene, pakuti ntchitoyi ndi yodzipereka, pamene udzu m'chimanga suyembekeza munthu.

Asanalowe n'komwe m'kalasi, phunziro layamba lokha. Dzulo madzulo kunatuluka ngumbi, ndipo pakhonde pali mapiko mbwee. Ana akutola, akuuzira m'mwamba, akuthamangitsa. Mlezi wamkulu, mayi wa zaka za m'ma 40 amene wagwira ntchitoyi kuyambira sukulu ikadali pansi pa mtengo, wasiya zimene anakonzekera n'kunjuta pakati pawo.

"Eni ake mapikowa apita kuti?"

"Zadyedwa ndi achule!"

"Amayi anakazinga!"

Onsewo akunena zoona. Koma kamnyamata kena kapeza ngumbi ziwiri zopanda mapiko zikutsogozana m'mbali mwa chipupa, ina kumbuyo kwa inzake, ndipo gulu lonse launjikana pamenepo. Mleziyo akuwauza kuti asazigwire, angoona kumene zikupita. Zalowa pansi pa njerwa. Akuwafotokozera mwachidule kuti ngumbi ndi chiswe chomwe, kuti ziwirizo ndi yaikazi ndi yaimuna, ndipo zikapulumuka kwa nkhuku zikayambitsa chulu chatsopano. Kenaka aika ngumbi imodzi pachikhatho kuti awerenge miyendo. Apeza isanu ndi umodzi. Wina wathamangira kukona kwa denga kumene kumakhala kangaude, ndipo mkangano wa ngati miyendo yake ndi yofanana ndi ya ngumbi watenga nthawi yonse imene ikanakhala ya kalendala.

Kalendalayo achitabe. Ana aima pamzere n'kutchula masiku a pa sabata ndi miyezi ya pa chaka m'Chingerezi, mokuwa, mwa nyimbo, ambiri osadziwa kuti lero ndi liti mwa masiku amenewo. Ine gawo limeneli silindigwira mtima, koma makolo odutsa pamsewu amalimva, ndipo ndi limene limawatsimikizira kuti ufa umene amasonkha sukupita pachabe.

Sukulu za mtundu uwu zinayamba kuoneka m'midzi ya m'Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo zinachuluka m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inasiya ana amasiye ambiri m'manja mwa agogo. Cholinga choyamba chinali chakuti mwana adye ndiponso akhale ndi womuyang'anira. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003, ndipo sukuluzi zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, pamene pulayimale ili pansi pa unduna wa zamaphunziro. Mlezi amene wachita mwayi amapita ku maphunziro a masabata awiri. Kumeneko amamuuza kuti mwana wa zaka zitatu mpaka zisanu amaphunzira posewera, ndi kuti zipangizo azipanga ndi zinthu zopezeka m'mudzi momwemo. Akabwerako amapeza makolo akufunsa chifukwa chimene mwana sanayambe kulemba m'kope.

Pofika 9 koloko dzuwa laboola nkhungu, ndipo onse atuluka panja. Kuseri kwa khitchini kuli beseni lakale lodzaza madzi. Lero aliyense abweretse chinthu, anene kaye ngati chimira kapena chiyandama, kenaka aponyemo. Mwala wamira, palibe wadabwa. Chitsononkho chayandama. Mbatatesi yagawanitsa anthu: ambiri ati iyandama chifukwa ndi chakudya, koma yapita pansi. Chikuni chachikulu, cholemera moti achinyamula awiri, chakana kumira ngakhale achikanikize, pamene kamsomali kakang'onong'ono kangoti tibu. Mleziyo sakufotokoza chifukwa chake. Wangofunsa kuti, "Nanga chachikulu chija bwanji chili pamwamba?" n'kuwasiya akukangana. Ndikuganiza kuti wachita bwino. Mwana wa zaka zinayi sangagwire nkhani ya kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake, koma angathe kusunga m'mutu kuti zimene ankayembekeza sizinachitike, ndipo akafika ku pulayimale funso limenelo adzakhala nalo kale.

Pawindo pali mapaketi a Chibuku odulidwa pakati, mmene anadzalamo nyemba sabata yatha. Imodzi anaivundikira ndi mphika wobooka kumbali. Ataivundukula apeza yatalika kuposa zinzake, koma ndi yachikasu, yowonda, ndipo yapindikira kumene kunali kabowo. Kamtsikana kena kati ikudwala, ipite ku sikelo. Friedrich Froebel, amene anatsegula sukulu yake ya ana aang'ono ku Bad Blankenburg m'dziko la Germany cha m'ma 1840, ankapatsa mwana aliyense kamunda kakekake. Kuno kamundako ndi paketi ya mowa, ndipo nyemba sizikuona kusiyana.

Ndiye kwamveka mfuu kuchokera ku mtengo wa mapichesi. Ana abalalika, ena akulira, ena atola miyala. Panthambi yam'munsi pali bilimankhwe, wakuda bii, akuotha dzuwa.

Mmodzi wa amayi ophika aja, gogo wachikulire, watuluka ndi mthiko m'manja.

"Chotsani anawo pamenepo! Chimenecho sachiyandikira."

"Pepani agogo, tiloleni tingomuona pang'ono. Sitimugwira ndi manja ayi."

"Inu aphunzitsi, mwana wa eni akadwala mukayankha ndinu."

Mantha a gogoyu ali ndi mizu yake. Kumadzulo kwa boma lino, m'mapiri a Dzalanyama, ndi kumene kuli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. M'nthano za makolo, bilimankhwe ndiye anatumidwa ndi Chauta kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma anayenda mwachidodo, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wakuti akafa afa basi. N'chifukwa chake kale ena akamupeza ankamuthira fodya m'kamwa pobwezera. Mleziyo nthanoyi amaidziwa, anakula nayo, ndipo saitsutsa. Wangotenga kamtengo katali, n'kukaika kutsogolo kwa kanyamako, kenaka n'kudikira. Bilimankhwe wagwedezeka, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, mpaka wakwera.

Ana akhala pansi mozungulira, patali ndithu. Woyamba kulankhula ndi kamtsikana kamene kanalira kwambiri kaja: diso lina likuyang'ana kwa aphunzitsi, lina likuyang'ana kwa agogo. Aseka onse, ndi gogo yemwe. Ayang'ana zala zake zogwirana ziwiri mbali ino, zitatu mbali inayo, ndi mchira umene wazengereza ku kamtengo. Pang'onopang'ono, mmene thupi likutenthedwa, kuda kuja kwayamba kuchoka, ndipo kubiriwira kukubwera. Kamnyamata kena kayala juzi yake yofiira pansi kuti aone ngati asanduke wofiira. Adikira, adikira, sanasanduke. Anthu ambiri, ndi akuluakulu omwe, amakhulupirira kuti kanyamaka kamatengera mtundu wa chilichonse chimene kakhalapo, koma chimene chimasintha khungu lake kwenikweni ndi kuzizira, kutentha, kuwala, mantha ndi ukali. M'mawa wozizira wa ku Dedza amada kuti dzuwa limulowe msanga. Alibenso ululu. Pamene mleziyo akumubwezera mu mtengo, miyala ija yatayidwa, ngakhale gogo walamula kuti aliyense akasambe m'manja kawiri.

Kusamba m'manjako n'kwa pa mpondagiya, kachigubu kopachikidwa pa mtengo kamene kamapendekeka ukaponda kathabwa. Mzere wake umachedwa chifukwa aliyense amafuna kuponda kangapo. Phala lapsa cha m'ma 10 koloko: mgaiwa wosakaniza ndi soya, shuga wongonunkhiza. Miyezi ino nkhokwe zambiri zapepuka, ndipo kwa ana ena ichi ndicho chakudya choyamba cha tsikuli. Pa nthawi ya phala pamakhala bata lokhalo la m'mawa wonse.

Akatha kudya, pamoto patsala makala, ndipo mlezi wachiwiri, mtsikana amene analekeza Fomu 2, watulutsa ng'ombe zadothi zimene ana anaumba ndi dongo la kudambo. Zina zinangouma pamthunzi, zina anazikwirira m'makala Lachisanu lapitalo mpaka zinafiira. Aika imodzi ya mtundu uliwonse m'beseni muja. Yosaotcha yayamba kusungunuka, nyanga kaye, kenaka linunda, mpaka mwini wake walira. Yootcha ili chiimire. Amayi oumba mbiya m'midzi muno amadziwa zimenezi kuyambira kalekale, ndipo ku Dedza Pottery, kufupi ndi tauni, amachita zomwezo m'mauvuni otentha kwambiri. Mwini ng'ombe uja watonthola atalonjezedwa dongo lina mawa.

Chotsala ndi kujambula. Choko kulibe, ndiye amasinja dothi lofiira la katondo, makala ndi phulusa, n'kumapaka ndi zala pa zikatoni. Lero pafupifupi aliyense wajambula chinthu cha mchira wopindika. Kumpoto chakumadzulo kwa kuno, m'mapanga a ku Chongoni, muli zojambula pamiyala m'malo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ana a sukulu ino sanapiteko. Ndalama ya galimoto ingachokere kuti?

Ikamakwana 11 koloko aweruka. Bambo wina wa kabaza waima ndi njinga yake yamoto kudzatenga mwana wake, ndipo waona juzi ili matope okhaokha.

"Madamu, kodi kuno amaphunzira kapena amangogudubuka? Wa mlamu wanga ku Dedza boma akuwerenga mpaka 50 m'Chingerezi."

"Bambo, mukafika kunyumba mumufunse kuti ngumbi ili ndi miyendo ingati, ndiponso adziwa bwanji."

Bamboyo wapukusa mutu n'kuliza njinga. Sindikumuweruza. Iye akudziwa kuti m'makalasi apamwamba a pulayimale maphunziro amakhala m'Chingerezi, mayeso a Sitandade 8 nawonso, ndipo palibe amene analembedwapo ntchito chifukwa chodziwa bilimankhwe. Chimene sanaone ndi mwana wake yemweyo atagona chafufumimba kwa mphindi zambiri, osatekeseka, akutsatira tizilombo tiwiri mpaka pansi pa njerwa.

Alezi asesa, apinda mikeka, n'kuthamangira kuminda yawo. Koma chitseko sichikhala chotseka nthawi yaitali. Cha m'ma 1 koloko amayi a banki mkhonde afika ndi bokosi lawo la maloko atatu, ndipo masheya akuwerengedwa pa mkeka womwe uja panali nthanga za masuku. Panja ana a ku pulayimale alanda bwalo: atsikana akusewera fulaye ndi phada, anyamata mpira wachikulunga. Mbuzi nazo zafika. Ina yakwera pawindo ndi miyendo yakutsogolo n'kumwetula nyemba zitatu mwa zija za m'mapaketi, isanapirikitsidwe ndi msungichuma wa banki.

Mvula ya masana yagunda cha m'ma 3 koloko, yamphamvu koma yosakhalitsa, ndipo itakata a komiti ya sukulu asonkhana. Nkhani yaikulu ndi ufa. Wotsala ungafike pakati pa Januwale, ndipo mabanja angapo sanasonkhe chiyambire teremu. Wina akuti ana awo aziwabweza. Mlezi wamkulu, amene wabwerako kumunda matope ali m'miyendo, wakana: obwezedwawo ndi omwe akufunika phalalo kuposa onse. Agwirizana zokapempha a mfumu kuti alankhule pa msonkhano wa mudzi, ndiponso kuti munda wa sukulu upaliridwe Loweruka, banja lililonse munthu mmodzi ndi khasu lake.

Kenaka mlezi wamng'ono uja wakweza dzanja.

"Atcheya, nanga za mpanda? Mbuzi zatidyera nyemba za ana."

"Nyemba zingati, mwana wanga?"

"Zitatu."

Anthu aseka, koma iye sanaseke. Wati ana akhala akuzithirira sabata yonse ndipo mawa afunsa. Atcheya ayang'ana kwa mlembi n'kunena kuti alembe: obwera kudzapalira Loweruka atengenso nsungwi ziwiriziwiri, ndipo eni mbuzi zija abweretse luzi.