Mawu Amene Anthu Amalemba Akamafuna Pogona

Amalume anga adaphunzitsa kupulayimale zaka 27. Atapuma pantchito adatenga ndalama zonse za penshoni, n'kuwonjezerapo ngongole ya kubanki, ndipo adamanga nyumba yogona alendo ya zipinda 6 ku Senga Bay m'boma la Salima. Ndalama zochokera m'zipinda zimenezi ndi zomwe zimandilipirira fizi kuno kusukulu ya ukachenjede. Choncho atandiitana patchuthi cha chaka chachiwiri n'kundiuza kuti m'zipindamo mukungogona abuluzi, ndidadziwa kuti nkhaniyo ikukhudzanso ine.

Iwo adali atalipira mnyamata wina kuti awakonzere tsamba la pa intaneti. Tsambalo lidali lokongola ndithu, koma ukafufuza pa Google malo ogona ku Salima silimaoneka. Ndidalipeza nditadutsa masamba ena oposa 50. "Mphwanga, si iwe umaphunzira za mawu?" adatero amalume. "Tachitapo kanthu, banki sidikira."

Ndidayamba ndi kuwerenga za momwe makina ofufuzirawa amagwirira ntchito. Larry Page ndi Sergey Brin, omwe adayambitsa Google mu 1998 ali ophunzira pa yunivesite ya Stanford, adakonza njira yotchedwa PageRank. Njirayi imaona linki iliyonse yolozera kutsamba lako ngati umboni wokuyamikira, ndipo umboni wochokera kutsamba lodalirika umalemera kuposa wochokera kutsamba losadziwika. Izi sizidandivute kumvetsa, pakuti ngakhale pabwalo la amfumu mawu a mboni salemera mofanana. Koma makinawo asanayeze mbonizo amayamba awerenga mawu omwe ali patsamba kuti adziwe zomwe tsambalo likukamba. Apa ndi pomwe padagona vuto lathu loyamba: mnyamata uja adaika dzina la nyumba, mitengo ya zipinda ndi mayendedwe m'kati mwa zithunzi, moti patsamba ponse mawu olembedwa sadakwane mizere itatu.

Ndidasangalala poganiza kuti ntchitoyi yagwera mwini wake. Ndidalemba gawo la Chingerezi mwachidule, kenaka ndidathera sabata yathunthu pa gawo la Chichewa. Ndidatsatira malamulo a kalembedwe a 1990 mosaphonya, ndidapewa mawu obwereka, ndipo pamutu ndidalembapo kuti "Chisa cha Apaulendo". Chiganizo choyamba chidati, "Takulandirani ku gombe la bata, kumene mafunde amatonthoza mtima." Amalume adachiwerenga kawiri n'kugwedeza mutu mokhutira. Padapita miyezi itatu, tsamba lili pomwe lija.

Chomwe chidanditsekula maso ndi chida chaulere chotchedwa Search Console, chimene chimaonetsa mwini tsamba mawu omwe anthu adalemba pomwe tsamba lake lidatulukira m'zotsatira. Ndidapemphanso amalume kuti azifunsa mlendo aliyense zomwe adalemba pafoni pofuna malo. Mawuwo ndidawasonkhanitsa m'kope, ndipo adali otere: "malo ogona ku salima", "pogona pa salima", "ma lodge otchipa kusenga bay", "rest house salima mtengo". Palibe ndi mmodzi yemwe amene adafuna chisa, gombe kapena bata.

Kopelo lidandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti Chichewa chimasintha mawu ndi aphatikiri kwambiri kuposa Chingerezi. Kuchokera ku tsinde limodzi la "gona" anthu adalemba "ogona", "pogona", "kogona" ndi "yogona", pomwe ena adalumikiza "ku" ndi dzina la malo ndipo ena adalekanitsa. Tsamba lofuna kupezeka liyenera kukhala ndi mawu amenewa m'ziganizo zomveka. Chachiwiri chidandiwawa. M'kalasi tidaphunzira kuti katswiri wa chiyankhulo amafotokoza momwe anthu amayankhulira, salamula momwe ayenera kuyankhulira. Mfundoyi ndidailemba pamayeso ndipo ndidakhoza, koma nditapatsidwa ntchito yeniyeni ndidalembera aphunzitsi anga m'malo molembera munthu wotopa yemwe watsika minibasi dzuwa litalowa, foni itatsala pang'ono kuzima.

Masiku omwewo mnyamata uja adabweranso ndi nzeru zina. Adati atipezera malinki 1,000 pamtengo wabwino, komanso abisa mawu ofufuzira ambirimbiri powalemba ndi utoto woyera pamalo oyera kuti makina okha ndi omwe aziwaona. Sindinama, mtima wanga udapendekera komweko chifukwa tsiku lolipira fizi lidali pafupi. Ndidafotokozera amalume kuti mu 2012 Google idakhazikitsa njira yotchedwa Penguin yolimbana ndi malinki achinyengo, ndipo tsamba logwidwa likhoza kutsitsidwa kapena kuchotsedwa m'zotsatira. Iwo sadasamale za chilangocho. Adangofunsa kuti, "Ndiye kuti tigule mboni?" Nditavomera kuti tanthauzo lake ndi lomwelo, adamuuza mnyamatayo kuti azipita.

Tidatsata njira yayitali. Mutu wa tsamba udakhala "Malo ogona otchipa ku Senga Bay, Salima". Ndidalemba mayankho a mafunso omwe alendo amafunsa pafoni: kokwerera minibasi ku Lilongwe, potsikira, mtengo wa chipinda, ngati chambo chimapezeka ndiponso ngati ana angagone m'chipinda chimodzi ndi makolo. Zithunzi ndidazipeputsa kuti tsamba lizitseguka msanga pafoni ya bandulo yochepa. Tidalembetsa nyumbayo pa Google Maps ndi kupempha alendo okhutira kuti alembepo ndemanga zawo. Mboni tidapeza ziwiri zokha, koma zenizeni: bambo wina woyendetsa alendo paboti, ndi bungwe lina lomwe lidachititsa msonkhano pamalopo.

Patatha miyezi isanu tsamba lidayamba kuoneka pakati pa zotsatira 10 zoyambirira munthu akafufuza m'Chichewa. Pa Chingerezi tidakwera pang'ono chabe, chifukwa kumeneko timalimbana ndi mahotela ndi makampani akuluakulu osungitsa malo. Ndiyenera kuvomereza kuti kupambana kwathuku sikudali kwa luso lokha. Masamba olembedwa m'Chichewa ndi ochepa kwambiri, moti tidathamanga mpikisano wopanda anzathu ambiri. Anthu akufunsa m'chiyankhulo chawo, koma owayankha m'chiyankhulo chomwecho akusowa.

Mwezi wa Disembala zipinda zonse zidadzaza ndi banja lina la ku Kasungu lomwe lidabwerera ukwati. Mayi wa banjalo adaonetsa amalume mawu omwe adalemba pafoni, ndipo m'mawu asanuwo mudali zolakwa zitatu za kalembedwe. Ngongole ya kubanki sinathe, koma fizi yanga ya chaka chachitatu idalipiridwa pa nthawi yake. Mawu a mayiwo ndidawalemba m'kope lija momwe adalili, osakonza chilembo ngakhale chimodzi, ndipo kopelo ndi lomwe ndikugwiritsa ntchito pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza.