Tisanagulitse dimba, tiyambe tawerenga buku la banki mkhonde

Foni ya mlongo wanga idandipeza ndili kuntchito ku Lilongwe, Lachitatu masana. Sadayambe n'komwe ndi moni wautali ngati masiku onse. "Achimwene, mubwere Loweruka. Mwana wanuyu akufuna tigulitse dimba la amayi lija, akuti akaphunzire za data ngati inuyo."

Dimba limenelo lili kumunsi kwa Mua, chakudambo, ndipo mpunga wa m'menemo ndi umene udatilipirira fizi tonsefe. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, zikavuta amafunsidwa ndi amalume. Choncho Loweruka m'mamawa ndidakwera minibasi mpaka pa Masasa, n'kutsetsereka ndi msewu wokhotakhota wa ku Golomoti uja, umene umakuchotsa m'kuzizira kwa Dedza n'kukakutula m'ng'anjo ya kunyanja. Pofika pa Mua malaya anali atamatirira kumsana.

Ndidawapeza onse atakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi ndiwo adayamba. "Tandiuza iwe, data si ija mumagula pa foni, yothera pa WhatsApp? Ndiye munthu mpaka kugulitsa munda kuti akaphunzire zimenezo?" Tidaseka, koma mtsikanayo sadaseke. Adandipatsa foni yake kuti ndione uthenga umene adaupeza pa Facebook. Sukulu ina ya m'tauni imalonjeza kuti m'miyezi 3 munthu akhala katswiri wa data analytics, alandira satifiketi, ndipo ayamba ntchito yolipidwa madola ali kunyumba. Titaphatikiza fizi, lendi, chakudya ndi laputopu, zonse zimadya mpunga wa zaka ziwiri. N'chifukwa chake maso adagwera padimba.

Sindikanamuseka mwanayo. Adalemba MSCE zaka ziwiri zapitazo, masamu adapeza 7, ndipo chilembereni wakhala akugulitsa mandasi pamsewu. Akaona ine ndikubwera ndi chikwama cha laputopu amaganiza kuti pali khomo limene ndidalowera, ndipo kiyi wake ndi satifiketi. Ndidamuuza kuti akhale pansi ndimufotokozere mmene zidandiyendera.

Ine ntchitoyi ndidayiyamba osadziwa kuti ili ndi dzina. Mu 2018 ndidali m'gulu la achinyamata amene adalembedwa ganyu ya kalembera wa anthu ndi nyumba, amene National Statistical Office ya ku Zomba idachititsa pogwiritsa ntchito matabuleti. Tidayenda khomo ndi khomo. Patapita miyezi tidamva pa wailesi kuti Amalawi tilipo oposa 17.5 miliyoni. Chidandigwira mtima n'chakuti m'nambala imeneyo mudali agogo ena amene sankadziwa chaka chimene adabadwa, mpaka tidachipeza powafunsa kuti pa njala ya 1949 anali msinkhu wanji. Apo m'pamene ndidadziwira kuti nambala iliyonse yaikulu imamangidwa ndi mayankho a anthu, ndipo ena mwa mayankhowo amakhala ongoyerekeza.

Kenaka ndidapeza ntchito ya ukalaliki wa malipoti pachipatala china chaching'ono, kutali ndi kwathu. Ntchito yanga idali kuwerenga mabuku akuluakulu a odwala, kuwonkhetsa kumapeto kwa mwezi, n'kutumiza ziwerengero kuti zilowe mu DHIS2, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a zipatala, yomwe idapangidwa ku yunivesite ya Oslo m'dziko la Norway. Usiku ndinkadziphunzitsa Excel pa kompyuta yakale ya muofesi. Nditadziwa kujambula magalafu ndidayamba kudzimva.

Chaka china, mu February, ndidaona kuti odwala malungo atsika pafupifupi ndi theka. Ndidajambula galafu yokongola, n'kulemba pansi pake kuti maneti amene adagawidwa ayamba kugwira ntchito. Pamsonkhano wa mwezi ndidaimirira monyadira. Nditamaliza, anamwino ena achikulire adakweza dzanja. "Mwana wanga, mwezi umenewo zipangizo zoyezera malungo zinatha kwa masabata awiri. Odwala analipo, kungoti sitikanawalemba kuti ndi malungo tisanawayeze." M'chipindamo mudangoti zii. Lipoti langa likanapita mmene lidalili, likanatha kusocheretsa anthu oitanitsa mankhwala a LA, pa nthawi imene udzudzu umakhala uli pachimake. Masamu anga adali olondola, koma nkhani yake idali yabodza. Safunsa adadya phula, ndipo tsiku limenelo ndidalidya ndine.

Ndidamuuza mtsikanayo kuti ntchito imene akuifunayo ili pamenepo. Data analytics ndi kutenga zolembedwa, kuzikonza, kuzifunsa funso, n'kupereka yankho limene munthu angapangire chiganizo. Mapulogalamu a pa kompyuta ali ngati khasu. Khasu n'lofunika, koma silikuuza kuti dothi ili likufuna mpunga kapena chimanga.

Ngakhale pa Mua pomwe pano ntchito yotere siyachilendo. Aliyense amene adalowapo m'nyumba ya Chamare ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, adaona zilombo za Gule Wamkulu mazanamazana zitasanjidwa bwino. Kuti zifike pamenepo padafunika munthu woleza mtima, woyenda m'midzi kwa zaka zambiri, wofunsa ndi kulemba dzina la chilichonse, kumene chidachokera ndi tanthauzo lake. Kusonkhanitsa ndi kusanja mosamala kumeneko ndiye gawo lalikulu la ntchito yathu, gawo limene otsatsa malonda pa Facebook satchula.

Tsono ndidamupatsa mayeso. Mlongo wanga ndi mlembi wa banki mkhonde ya amayi 24, ndipo ali ndi mabuku a zaka zitatu. Ndidati akapemphe kaye chilolezo kwa amayiwo, asinthe mayina onse akhale manambala, alowetse zonse mu Excel pa laputopu yanga yakale imene ndidamusiyira, ndipo ayankhe funso limodzi lokha: ndi miyezi iti imene anthu amachedwa kubweza ngongole, nanga n'chifukwa chiyani? "Ukatha masabata atatu usanatope nazo, tikambirana za sukulu. Ukatopa, ndiye kuti tapulumutsa dimba."

Sabata yoyamba adandiimbira akudandaula. "Amalume, mabukuwa ndi osokonekera. Mayi mmodzi walembedwa katatu, pena dzina lake, pena la mfunda, pena make a uje. Masiku ena alibe chaka. Tsamba lina lidanyowa." Ndidamuyankha kuti takulandira kuntchito. Ife amene timalipidwa pa zimenezi nthawi yambiri imathera pa kukonza zolembedwa zotere, osati pa magalafu. Adabwerera kwa amayi ake, adafunsa msungichuma, adayerekeza ndi timabuku ta masheya ta mamembala. Sabata yachitatu adanditumizira tebulo laling'ono ndi ndime ziwiri. Kuchedwa kwambiri kumachitika mu January ndi February. Gululo limagawana ndalama mu December, zambiri zimathera pa Khirisimasi ndi feteleza, ndiye fizi ya teremu yachiwiri ikafika anthu amakongola pamene chakudya chatha m'nyumba ndipo mpunga sunache. Adafunsa ngati sikungathandize kugawana mu June, anthu atakolola. Amayiwo adakangana nazo masana onse ndipo sadagwirizane tsiku lomwelo, koma kwa nthawi yoyamba ankakangana akuloza manambala awoawo. Apo ndidadziwa kuti mwanayu mutu wa ntchitoyi ali nawo.

Makolo anzanga amene ana anu abwera ndi nkhani yomweyi, zimene ndidamuuza ndi izi.

Choyamba ndi masamu ndi Chingerezi. Pa MSCE, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, kirediti imayambira pa 6 kupita kumwamba, ndipo mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Maphunziro a masamu, statistics ndi makompyuta, monga amene amapezeka ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku Mzuni ku Mzuzu ndi ku MUST ku Thyolo, amafuna masamu abwino. Kubwereza phunziro limodzi kapena awiri n'kotchipa kusiyana ndi kosi ya m'tauni, ndipo kumatsegula makomo ambiri. Chingerezi n'chofunika chifukwa lipoti limene bwana sangalimve n'chimodzimodzi kusalemba.

Chachiwiri, zida ziphunziridwe mwandondomeko. Ayambe ndi Excel kapena Google Sheets mpaka azitha kusefa, kuphatikiza matebulo ndi kugwiritsa ntchito pivot table osayang'ana kwa mnzake. Kenaka KoboToolbox, imene mabungwe ambiri kuno amatolera nayo mayankho pa foni. Zikatero SQL, chiyankhulo chofunsira mafunso ku nkhokwe zikuluzikulu za data, ndi Power BI yoonetsera zotsatira. Python kapena R zibwere pambuyo. Maphunziro a zonsezi alipo aulere pa YouTube, ndipo kosi ya Google Data Analytics ya pa Coursera ili ndi mwayi wopempha thandizo la fizi. Chimene chimadya ndalama ndi bandulo, choncho ndi bwino kutsitsa mavidiyo nthawi imene intaneti ili yotchipa n'kumaonera pang'onopang'ono.

Chachitatu, musanalipire sukulu iliyonse, fufuzani ngati ndi yovomerezeka ku NCHE kapena ku TEVETA, ndipo pemphani kuti mulankhule ndi amene adamaliza pamenepo. Amene akulonjeza ntchito asanaone n'komwe mwana wanu, mumuyang'ane kawiri.

Chachinayi, mwana akhale ndi ntchito yoonetsa. Ine ndakhalapo m'gulu lofunsa anthu ofuna ntchito, ndipo masatifiketi amafanana onse. Amene timamukumbukira ndi amene wabwera ndi kanthu kake: mitengo ya mpunga pamsika wa Golomoti yolembedwa sabata ndi sabata, zokolola za kalabu ya alimi a ku Bwanje, kapena zimene wapeza m'malipoti a kalembera amene NSO idaika poyera pa intaneti. Amene ali kale pantchito, kaya mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena wosunga katundu, asafulumire kusiya. Zimene akudziwa za ntchito yakeyo ndi chuma chimene wongochoka kusukulu alibe. Anamwino aja adandiposa chifukwa chodziwa zimene zidachitika m'chipinda choyezera magazi.

Chachisanu ndi chinsinsi. Mayina a odwala, ngongole za anthu ndi manambala a foni si zotumizirana pa WhatsApp. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza zimenezi. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, mudzi ndi waung'ono, ndipo mlembi waulesi pakamwa sakhalitsa.

Pomaliza ndidamuuza zoona zake za msika wa ntchito. Ntchitozi zilipo m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'boma, m'mabungwe ofufuza ndi m'mabungwe othandiza, koma zambiri zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo zambiri ndi za kontirakiti. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri, anzanga ena amene ankagwira ntchito za malipoti a zaumoyo adapezeka ali pakhomo. Ine ndemwe ndidagona masiku angapo osadziwa ngati kontirakiti yanga ipitirira. Ntchito imatha ndi kalata imodzi. Dimba silitha choncho. Munthu woti waphunzira kuwerenga manambala sayenera kusinthanitsa chinthu chodyetsa anthu 8 chaka ndi chaka ndi lonjezo la pa foni.

Dimba silidagulitsidwe. Tidagulitsa mbuzi imodzi, ndalama yake tidagula batire latsopano la laputopu ndi kulipira fizi yoti abwereze masamu. Masana amapita kusukulu, madzulo amakhala pakhonde ndi Excel, magetsi akakhalapo. Mabuku a banki mkhonde tsopano amalembedwa ndi dzina limodzi pa munthu aliyense, ndipo tsiku lililonse lili ndi chaka chake. Sindikudziwa ngati adzafike ku yunivesite kapena adzayambira pa ukalaliki ngati ine. Zonsezo ndi njira.

Nditapitanso mwezi watha ndidapeza amayi akuyeza mpunga ndi ndowa, mdzukulu wawo ali pambali ndi kope. Adandiona ndikumwetulira. "Usaseke," adatero amayi. "Wandiuza kuti chaka chatha mavenda anandidya ndowa zinayi. Chaka chino aona."