Galimoto ya Waya Yoyenda Yokha

Ana a pa Soche, monganso ana a m'midzi yonse ya dziko lino, adziwa kupanga galimoto ya waya. Amatola waya kudzala, naupinda ndi manja, namanga mfundo zace ndi mphira ya njinga. Magudumu ace ndiwo zibvindikiro za mabotolo kapena za zitini, ndipo ciongolero cace ndico waya wautali wofika m'ciuno mwa mwini wace. Koma galimoto yotere iyenda pokhapo mwini wace aikankha. Akaima iye, nayonso iima.

Panali mnyamata wina wa Sitandade 6 amene anakhala patsinde pa phiri la Soche. Tsiku lina anaona m'sitolo ya ku Limbe cidole coyenda cokha ndi mabatire, koma mtengo wace unaposa wa ufa umene banja lao linadya sabata lathunthu. Pobwerera kwao anati mumtima mwace, "Nanga galimoto yanga siingathe kuyenda comweco?"

Amalume ace anali ndi wailesi yakale ya kaseti, yosalankhulanso. Mnyamatayo anakhumba kuitsegula mobisa, koma anakumbukira mau a akulu akuti safunsa anadya phula. Tsono anagwada, naipempha. Amalumewo anamka naye kwa mmisiri wokonza mawailesi pa msika wa Limbe, ndipo mmisiriyo anaturutsamo kanthu kobulungira, kakang'ono ngati dzira la njiwa, kokhala ndi kacitsulo koturukira kunja. Dzina lace ndi mota, ndipo nchito yace m'wailesimo inali kuzunguza kaseti.

M'kati mwa mota muli maginito, ndi waya wa mkuwa wokulungidwa kambirimbiri pa kacitsulo kaja. Moto wa batire ukalowa m'wayamo, wayayo asanduka maginito nayenso. Pamenepo maginito awiriwa akokana ndi kukankhana, ndipo kacitsulo kazungulira. Munthu woyamba kuonetsa kuti magetsi angathe kuzunguza cinthu motere ndiye Michael Faraday, ku London, m'caka ca 1821. Iyeyu anali mwana wa wosula zitsulo, ndipo sanapite patali ndi sukulu.

Mnyamata uja anatunga madzi kwa anansi masabata awiri, nagula mabatire awiri ndi ndalama zimene analandira. Batire limodzi lotere liri ndi mphamvu ya mavoti 1.5, ndipo awiri olumikizidwa mutu ndi thako akwana mavoti 3. Anamangirira kacitsulo ka mota pa gudumu penipeni, nagunditsa mawaya. Ali cinyamulire galimotoyo m'manja, gudumu linazungulira ndi liwiro loopsa, ndipo anzace anapfuula ndi cimwemwe. Koma poiika pansi, inangonjenjemera osasuntha. Mota inatentha, mabatire anayamba kufooka, ndipo anzace omwewo anamseka nacoka.

M'mawa mwace anabwereranso kwa mmisiri. Mmisiriyo sanagwire galimotoyo, koma anamfunsa, "Kodi munthu wa njinga ya magiya, pokwera citunda ca ku Soche, acita ciani?" Mnyamatayo anayankha kuti apalasa kambiri, ndipo njinga iyenda pang'onopang'ono koma siima. "Eya," anatero mmisiri, "mota yakoyi iri ndi liwiro, koma iribe mphamvu. Gulitsa liwiro, ugule mphamvu."

Tsono anacotsa mota pa gudumu, naiika pambali. Pa citsulo cogwira magudumu a m'mbuyo anabvekapo cibvindikiro cacikuru, nalumikiza ico ndi kagudumu ka mota mwa lamba wa mphira. Cibvindikiroco cinaposa kagudumuko kasanu m'kukula kwace. Cotero mota ikazungulira kasanu, magudumu azungulira kamodzi, koma ndi mphamvu yoposa yakale kasanu. Anatunganso madzi, nagula mabatire ena, ndipo tsiku Loweruka galimotoyo inadutsa bwalo lonse popanda dzanja loikankha. Anapezanso kuti akasinthanitsa mawaya awiri a pa batire, galimoto ibwerera cambuyo.

Cinatsala cimodzi: inali kugunda khoma, nimaonongerapo mabatire. Pamenepo anaika kutsogolo kwace waya wopindika ngati nyanga za nkhono. Nyangazo zikakhudza khoma, zikankha kacitini kamene kalekanitsa mawaya, moto uduka, ndipo galimoto iima yokha. Apa m'pamene cidole ciyamba kukhala loboti, pakuti makina amene azindikira cimene ciri patsogolo pace, nasintha macitidwe ace popanda munthu, ndiwo ayenera dzinali. Maloboti akuru a m'mafakitale ali ndi makompyuta m'kati mwao, koma ciyambi cao ncomweci.

Mau akuti loboti si a nyali za pamseu zokha, monga anena anthu a ku Blantyre. Anafala ndi sewero limene Karel Čapek analemba m'caka ca 1920, ndipo anacokera ku liu la cinenero ca kwao lakuti robota, ndiyo nchito yokakamiza imene alimi anagwirira mwini malo. Agogo a kuno anaidziwa nchito yotere m'minda ya azungu, naicha thangata. Cotero loboti ndiye makina ogwira thangata m'malo mwa munthu.

Mota iri ndi cinsinsi cinanso: ukaizunguza ndi dzanja, ituruka magetsi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analeka sukulu cifukwa ca njala ya 2001 ndi 2002. Iye anawerenga za zimenezi m'buku lobwereka, namanga makina a mphepo ndi dayinamo ya njinga ndi mitengo ya bulugamu, nayatsa nyali m'nyumba ya atate wace ali ndi zaka 14.

Koma mwana ali yense asunge lamulo ili: zoyesayesa zonse zicitike ndi mabatire okha. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ali ndi mavoti 230, ndipo apha munthu msanga. Wofuna kugwira magetsi otere ayambe waphunzira, monga acitira anyamata ndi atsikana pa Soche Technical College, kapena pa sukulu ya ukacenjede ya MUBAS ku Chichiri, imene kufikira 2021 inachedwa Polytechnic. Ndipo wopeza wailesi yakufa m'nyumba asaiphwasule asanapemphe mwini wace.

Mafunso

1. Cifukwa ninji galimoto inakana kuyenda poyamba?
2. Mota ikazungulira ka 20, magudumu aja azungulira kangati?
3. Kodi cidole ciyamba liti kukhala loboti?