Bawo ya ku Waterfall East ndi kompyuta ya m'kati mwa kompyuta

Rustenburg ndi mzinda wa pulatinamu, ndipo ambiri a kwathu amene amakhala kumeneko amadyera migodi kapena ntchito zozungulira migodiyo. Ulendo wa ku Joni si wa lero. Agogo athu ankapita pa Wenela, kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 pamene boma la Malawi linaimitsa kalembera. Zidzukulu zawo zikupitabe, koma zina zikugwira ntchito zimene agogowo sakanazilota.

Ku Waterfall East, kufupi ndi msewu wa N4, kumakhala mnyamata wina wa ku Ntcheu pakhomo pa amalume ake. Masana amakonza makompyuta a eni, usiku amapanga gemu ya bawo ya pa foni: mizere 4, maenje 32, njere 64, ndipo mawu onse a pa sikirini ndi a chinenero chathu. Ali ndi anzake awiri omuthandiza, wina ku Chipata, wina ku Ulónguè m'boma la Angónia.

Vuto linayambira pa kalembedwe. Ku Malawi, kumene chinenerochi chinatchedwa Chichewa mu 1968, timalemba "chabwino" ndi "ntchito". Ku Zambia amalemba "cabwino" ndi "nchito". Wa ku Ulónguè naye amalemba "Cinyanja", ndipo ali ndi mawu akeake amene safuna kuti atayike. Atatuwa anagwirizana kuti pasapezeke womeza mnzake. Gemuyo idzituluka m'mitundu itatu, uliwonse wa Android ndi wa Windows. Ndiye kuti akasintha liwu limodzi, mafayilo 6 ayenera kumangidwanso.

Kumanga pamanja kunkadya usiku wonse. Chaka cha 2023 magetsi ankathimathima kwambiri ku South Africa, ndipo ntchito inkadukira pakati. Komanso gemu yoyenda bwino pa laputopu ya ku Rustenburg inkakana pa ya ku Chipata, chifukwa aliyense anali ndi mtundu wake wa Godot, pulogalamu yaulere imene amapangira gemuyo. Mawu oti "kwanga ikuyenda" anatsala pang'ono kudanitsa anthu amene sanaonanepo maso ndi maso.

Mankhwala ake anali virtual machine. Imeneyi ndi kompyuta yongoyerekezera imene imakhala m'kati mwa kompyuta yeniyeni, monga nkhokwe m'kati mwa mpanda: imabwereka malo ndi mphamvu kwa mwini bwalo, koma za m'kati mwake sizisakanikirana ndi za panja. Mnyamatayo anaika VirtualBox, naipatulira 4 GB ya RAM, naikamo Ubuntu. Dzinali limamumwetulitsa, pakuti ndi umunthu wathu womwe uja, ndipo amene anayambitsa Ubuntu mu 2004, Mark Shuttleworth, ndi wa ku South Africa komweko. M'menemo anaikamo mtundu umodzi wokha wa Godot pamodzi ndi ma export template ogwirizana nawo, Java ndi Android SDK. Zonse zitakhala m'malo, anatenga snapshot, chithunzi cha mmene makinawo alili, kuti tsiku limene china chidzasokonekera adzangobwerera pomwepo.

Kenaka analemba malangizo afupi oti makinawo azitsata okha. Nthawi ikakwana 2 koloko usiku, cron imawadzutsa. Amakoka zonse zimene atatuwo atumiza pa Git, amayendetsa Godot popanda sikirini, amamanga mafayilo 6 aja, ndi kulemba lipoti. Magetsi akathima, batire ya laputopu imagwirizira. Kiyi yosainira pulogalamu ya Android anaisunganso pena kunja kwa makinawo, chifukwa foni imakana kulandira gemu yatsopano pamwamba pa yakale ngati siginecha yasintha.

Makinawo anaulula zinthu ziwiri. Choyamba, zilembo zimene anasankha zinalibe ŵ, moti dzina loti Malaŵi likanatuluka ndi kabokosi pakati. Anawonjeza lamulo loti ntchito iime ngati chilembo china chikusowa. Chachiwiri, anayesa ngati makina angasandutse okha kalembedwe ka ku Malawi kukhala ka ku Zambia. Ndondomeko yake ndi yosachedwa kupota: mukayamba kusintha "tch" kukhala "ch", kenaka "ch" kukhala "c", "nchito" imasanduka "ncito", liwu limene wa ku Chipata sanalivomere. Anaona kuti nkwabwino munthu aliyense asunge fayilo yake ya mawu, makina azingonyamula.

Amalume ake, amene anaphunzira bawo pansi pa mtengo asanadziwe foni, anaiyesa tsiku lina atachoka ku shifiti. Anadya njere za makinawo katatu, naika foni pansi.

"Mphwanga, kusewera ikusewera ndithu. Koma ndikaidya ingoti 'Mwapambana'. Kwathu wodyedwa amanyogodoledwa."

"Ndiye tilembe chiyani, amalume?"

"Afunse anzako aja. Aliyense akuuza cha kwawo."

Usiku womwewo mafunso anapita ku Chipata ndi ku Ulónguè, ndipo mayankho anabwera osiyana. Palibe amene anakakamizidwa kusiya lake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makina amene amadzuka 2 koloko aja anangochotsa ntchito yotopetsa, nasiyira anthu nthawi yokangana za mawu, mkangano wokhawo umene unali woyenera kukhalapo.

Zinenero zazikulu zili ndi makampani ozilowetsa m'mafoni. Chathu chimadalira anthu ochepa otere, ogwira usiku ndi data yogula okha. Ntchito yawo imafa msanga ikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi kapena m'laputopu imodzi. Virtual machine ndi fayilo, ndipo fayilo imakopedwa. Ya ku Waterfall East ili kale ndi inzake ku Chipata, moti mnyamatayo atabwerera ku Ntcheu mawa, bawo idzamangidwabe m'makalembedwe onse atatu.