Pabwalo tibzale paini kapena peyala?

Mvula ikangoyamba, m'mabanja ambiri kuno ku Thyolo mumabuka kankhani kooneka kochepa koma kotha kugonetsa anthu chofulatirana. Bambo wabwera ndi mbande za paini panjinga, ati tibzale pabwalo pano, mawa ndi ndalama zimenezi. Mayi akuti iyayi, ine ndikufuna mtengo wa mapeyala, ana azidya. Tsono malo ake ndi omwe mukuwadziwa aja, kapuloti koti uli pakhonde umacheza ndi a nyumba inayo osakweza mawu, paja malo aakulu ali ndi maesiteti a tiyi. Mitengo iwiriyi singakwane pabwalo limodzi. Nanga agonje ndani?

Ine ndinagwira unamwino zaka zambiri m'zipatala za m'maesiteti muno ndisanapume, ndipo yankho langa ndi losazungulira. Pafupi ndi nyumba bzalani peyala. Paini apite kumalire a munda kapena kumtunda, kutali ndi pogona anthu. Abambo musakwinye nkhope msanga, tandimverani kaye.

Paini si mtengo woipa. Amene wafala kwathu kuno kwawo ndi ku Mexico, ndipo anakonda kuzizira kwa m'mapiri athu. Ku Chikangawa boma linamubzala pa mahekitala oposa 50,000, ku Zomba ndi ku Dedza aliponso. Amakula mowongoka, matabwa ake savuta kupala, ndipo denga la nyumba zambiri, zitseko ndi mabenchi a m'tchalitchi ndi iyeyu. Bambo amene akuganiza zoti mwana wobadwa lero adzapeze fizi ya kukoleji m'mitengo akuganiza ngati kholo. Kungoti matabwa enieni mumadikira zaka 20 kapena kuposera apo, ndipo zaka zonsezo mtengowo mukukhala nawo ngati mlendo wosathandiza ntchito.

Taonani pansi pa paini. Masamba ake onga singano aja akayoyoka amayala mphasa yokhuthala, sawola msanga, ndipo pamthunzi pakepo mpiru, nyemba kaya nkhwani sizichita bwino. Mwezi wa October ukafika, mphasa ija imauma gwa, yodzaza utomoni, kungodikira mwana wopita kukapala moto kwa anzake kuti agwetse khala limodzi. Ana opsa ndi moto ndinawatsuka mabala ambiri, ndipo kulira kwake sindifuna kukumvanso. Nkhuni zakenso n'zosapatsa ulemu. Zimayaka mothamanga, kuthetheka, ndi kusiya mwaye bii kudenga la khitchini. Mayi akuphika ali ndi khanda kumbuyo, utsi wonsewo akugawana, kenako tikumana kuchipatala ndi chifuwa kapena chibayo. Utsi wa nkhuni zilizonse ndi woipa kwa mwana, koma wa mtengo wautomoni umanyanya.

Chachikulu ndi kutalika. Paini amatha kufika mamita 30, ndipo mphepo ikakula nthaka itakhuta madzi sachedwa kuzuka. Tonse tikukumbuka namondwe wa Freddy mu March 2023, m'mene mvula inagwa masiku otsatizana kuno kummwera, nthaka n'kufewa ngati phala. Mtengo wotalika chotero suyenera kuima poti ukagwa ufike padenga pamene pagona ana anu. Yezani ndi maso: ngati utali umene udzafike ukuposa mtunda wochoka patsinde kufika pakhoma, mwabzala ngozi. Ngakhale paphiri la Mulanje, a zankhalango anachita kumudula paini m'malo ena atayamba kufalikira yekha ndi kupanikiza mkungudza, mtengo wa fuko lathu. Ngati anasowetsa mtendere paphiri lonse lija, kuli bwanji pakabwalo kanu?

Tsopano peyala. Amene munapitako kusikelo ya ana mukudziwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Gulu limene limavuta m'makomo ambiri ndi la mafuta, poti botolo la mafuta ophikira mtengo wake mukuudziwa nokha. Peyala ali m'gulu limenelo, ndipo amangogwa kuseri kwa nyumba. Mwana akakwana miyezi 6, mukapota peyala wakupsa bwino n'kusakaniza m'phala la mgaiwa, mwamupatsa mphamvu zimene phala lamadzimadzi lokha silingamupatse. Mafuta akewo amathandizanso thupi kulandira vitamini A wa m'masamba ndi m'maungu. Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti mapeyala ambiri kuno amakhwima cha mu February ndi March, nthawi imene nkhokwe zapepuka ndipo chimanga cham'munda sichinache. Kusikelo tinkaona ndithu mizere ya pamakadi a ana ikutsika miyezi imeneyi. Mayi amene anali ndi mtengo pakhomo ndinkadziwa pomuyambira pomulangiza. Amene analibe, ndinkachita kumeza kaye malovu, chifukwa kuuza munthu kuti akagule chinthu alibe ndalama n'kumunyoza.

Otsala mumagulitsa. Pitani pa Bvumbwe nyengo yake mukaone madengu a mapeyala akukwera galimoto kupita ku Limbe. Chikhalirenicho matenda a chisaka anapulula nthochi zimene Thyolo ankatchuka nazo, ndiye mtengo wa zipatso pakhomo si woupeputsa. Ndi ndalama ya sopo ndi makope chaka ndi chaka, osati kamodzi pa zaka 20. Masamba akenso amawola bwino, mukawasesera m'dzenje mwapeza manyowa.

Peyala naye ali ndi zake, ndisakunamizeni. Nthambi zake n'zosalimba, zimathyoka mosachenjeza, ndipo nyengo ya mapeyala ndi mango inkatibweretsera anyamata othyoka mikono. Konzani mtengo wautali wokolera zipatso, ana muwaletse kukwera. Paja peyala sapsera mumtengo, mumathyola wokhwima n'kumuvundika m'nyumba masiku angapo, choncho palibe chothamangira kunsonga. Safunanso malo odikha madzi, mizu imaola. Ndipo naye amakula, musamuike pakhoma penipeni, mutalikitseni mamita 8 kapena 10, makamaka chakumadzulo kuti azitchinga dzuwa lamasana. Kum'mawa kusiyeni poyera. Kuno chiperoni chikagwa mu June ndi July nyumba imafuna kadzuwa kam'mawa, apo ayi zofunda zimanunkha chinyezi. Mukatha, pezani mbande yomezanitsa, imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Wobzala nthangala amadikira nthawi yaitali, ndipo sadziwa kuti adzatuluka wamafuta kapena wamadzi uja.

Mdzukulu wanga wina anandionetsa pafoni mtengo wa masamba ofiira wotchedwa maple, uja tsamba lake lili pambendera ya dziko la Canada, ati agogo tibzale umenewu. Wokongola inde, koma kufiira kumeneko kumafuna chisanu cha kwawoko, ndipo mwana sangadye tsamba.

Pali china chimene abambo ambiri sanena poyera. Kuno ambiri ndi akamwini, ndiye mumtima amati ndibzalirenji mtengo pamudzi pa eni, banja likatha ndidzanyamula? Enanso akukhala m'nyumba za kampani, akuti tidzabzala tikadzapuma. Ndawaona anzanga amene tinapumira limodzi akufika kumudzi pabwalo pali mbee, popanda ndi pomwe pokhazika mlendo, munthu wa zaka 60 n'kumayamba kukumba dzenje. Inu akamwini, amene adzadye mapeyalawo ndi ana anu omwe, kaya inu mudzakhalapo kaya ayi. Ndipo inu amayi, bambo akagonja pa za pabwalo, musawamane mzere wa paini wawo kumalire a munda. Muuzane ndi eni munda woyandikana nawo musanabzale, kuopa milandu ya mthunzi kwa amfumu.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December kufika pa 15 April, koma musadikire kumapeto, bzalani mvula ikadali yambiri. Dzenje la peyala likhale lofika m'bondo, dothi lapamwamba musakanize ndi manyowa owolerana, ndipo pomezanitsa paja pakhale pamwamba pa nthaka, musapakwirire. Mukatero mutchingire ndi minga kapena nsungwi tsiku lomwelo, chifukwa mbuzi za aneba sizidikira kuti kuche.