Tayala lonenepa ndi makande a kwa Chiwalo

Anthu a m'tauni mukamakamba za njinga zamoto, nkhani yanu imathera pa zinthu ziwiri: phokoso lake usiku, ndi anyamata a kabaza omwe amakudulani kutsogolo pa Ginnery Corner ngati moyo wina anausunga kunyumba. Za tayala simukambako. Nanga mungakambe bwanji poti inu phula muli nalo, ndipo tayala mumalikumbukira pokhapokha likaphulika? Koma kwathu kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe, tayala lakumbuyo kwa njinga ndi nkhani yoti nkuyambanitsa munthu ndi malume ake.

Kwa inu amene simunafikeko, dera la mfumu yaikulu Chiwalo lili cha kumalire ndi Mozambique, m'chigwa chotsetserekera ku nyanja ya Chilwa. Msewu wa kumeneko uli ndi nkhope ziwiri. M'chilimwe ndi fumbi ndi mchenga, ndipo mabampu ake amagwedeza munthu mpaka mano. Mvula ikagwa, makande amadzuka. Dothi lakuda limeneli limamata ngati nsima ya kondowole: mukaponda kamodzi nsapato imalemera, mukaponda kachiwiri imatsala komweko. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 n'kukokolola milatho ndi misewu m'Phalombe, panapita masiku galimoto zisakufika m'midzi yambiri. Chomwe chinkayenda chinali phazi la munthu, ndipo pambuyo pake njinga.

Ndili mwana, mthuthuthu unali wa anthu owerengeka: alangizi a zaulimi, a zaumoyo, ndi ansembe. Tikaumva tinkathamangira kumsewu kukaonerera. Lero pa Nambazo njinga zamoto zimaima mndandanda ngati mbuzi pamsika. Zambiri ndi za ku China ndi ku India, za 125 kapena 150cc, ndipo zina zimalowera ku Mozambique. Zochuluka mwa za ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, yomwe a ku Japan anaitulutsa mu 1975 poganizira maiko ngati athu ano, kumene njinga imasenza katundu wopyola muyeso ndipo makaniko ali kutali. Njinga zimenezi ndizo basi yathu, lole yathu ndi ambulansi yathu. Zimanyamula matumba a nandolo ndi mpendadzuwa, madengu a matemba ndi mlamba, ana asukulu, ngakhalenso mayi amene matenda amuyamba pakati pa usiku ndipo akufunika kukafika ku Holy Family kapena ku Migowi.

Mwana wa mlongo wanga ali ndi imodzi. Kunena kuti ndi yake nkungolemekeza, chifukwa njingayo ili ndi eni ake ambiri. Mayi ake anagulitsa nandolo wa zaka ziwiri ndi mbuzi zitatu. Ine ndinaikapo kangachepe ka zolembalembazi. Tayala lake lakumbuyo litatha mano mpaka kusalala ngati dazi, mnyamatayo anandiimbira foni, ndipo pambuyo pa moni anati, "Amalume, ulendo uno ndikufuna lonenepa. Ndakutumizirani chithunzi, muone."

Chithunzicho chinali cha njinga ya mpikisano, Yamaha R1, itaima pamsewu wina wosalala wa kunja. Kumbuyo kwake kunali tayala lotakata ngati la galimoto. Iye sanali wopusa kuti nkufuna lomwelo. Amadziwa kuti silingalowe. Chomwe amafuna nchakuti pa kanjinga kake, kamene kanabwera ndi tayala la 3.00-18, aikepo la 110/90-18 lomwe mnzake wina anaika. Zifukwa anali nazo zitatu, ndipo anaziyala ngati loya. Lalikulu limagwira kwambiri pansi. Lalikulu limanyamula katundu wambiri. Ndipo chachitatu, chomwe anachinena motsitsa mawu, makasitomala pasiteji amathamangira njinga yooneka bwino.

Tisanamuweruze mnyamatayu, tiyeni timve kaye chomwe manambalawa akunena, poti ambirife timagula tayala ngati tikugula chinangwa, kungoyang'ana kukula. Pa 110/90-18, nambala yoyamba ndi kutakata kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ikunena kutalika kwa khoma la tayalalo, kuti ndi magawo 90 pa 100 a kutakata kwake. Yachitatu ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Kalembedwe kakale ka 3.00-18 kamangotchula kutakata m'mainchesi, ndipo mainchesi atatu ndi mamilimita pafupifupi 76. Ndiye kuti mphwangayo amafuna kulumpha kuchoka pa 76 kufika pa 110, palimu lomwe lija.

Nanga njinga za mpikisano zimavaliranji matayala onenepa? Yankho lili mu injini. R1 ija ndi ya 998cc ndipo mphamvu zake, pa muyeso wa akavalo, zimafika cha m'ma 200. Mphamvu zonsezo zimatsikira pansi kudzera pa kachigawo ka tayala kosaposa chikhatho cha munthu. Tayala lopyapyala lingatenthe ndi kunyenyeka msanga. Nchifukwa chake amaika la mamilimita 190, palimu lotakata mainchesi 6 lomwe analipangira tayala lomwelo, kuti ngakhale njinga itapendekeka pakona mpaka bondo la woyendetsa kukhudza phula, mphira wokwanira ukhalebe pansi. Komabe ngakhale eni ake a njinga zoterezi amakangana. Ambiri amakonda la 180 kuposa la 190, ati lotakata kwambiri limachititsa njinga ulesi pokhota. Tsono ngati anthu a akavalo 200 akuopa kunenepetsa tayala, kuli bwanji ife a akavalo 11 kapena 12?

Zonsezi ndinamuuza pafoni, koma mawu a malume wokhala m'tauni salemera kwenikweni kumudzi. "Amalume, inu mumakwera minibasi," anatero. Choncho nditapita kumudzi kumapeto kwa mwezi, tinatengana mpaka pa Migowi kwa makaniko wina wachikulire amene anayamba ndi njinga zakapalasa kalekale, ine ndisanabadwe. Mkuluyu salankhula zambiri. Anagwada pambali pa njinga, napisa chala pakati pa tayala ndi tcheni, kenako pakati pa tayala ndi foloko yakumbuyo.

"Iwe mnyamata, bwera upise chako," anatero. "Chalowa?"

"Chalowa, madala."

"Ukaika lonenepalo sichilowanso. Ndiye makande azidutsa pati?"

Apa mpomwe pagona nkhani yonse ya kwa Chiwalo. Mpata umene uli pakati pa tayala ndi foloko, tcheni ndi madigadi sunasiyidwe mwangozi. M'dzinja tayala limatola thope, ndipo thopelo limafuna potulukira. Mpata ukachepa, makande amadzaza, nkuuma pang'ono ndi kutentha, gudumu nkuima nji! Mwawaonapo anyamata ali m'mbali mwa msewu ndi kamtengo, akukolokosa thope pansi pa madigadi, pamene kasitomala wanyamuka wapansi? Kawirikawiri vuto limakhala limeneli. Komanso pathope loterera, tayala lopyapyala la mano akuya limacheka nkukapeza nthaka yolimba pansi, pomwe lotakata limayandama pamwamba nkumavina. Kunena chilungamo, pamchenga zinthu zimatembenuka: lotakatako pang'ono limathandiza kuti njinga isamire. Koma mchenga umakuchedwetsa chabe, pamene makande amakugwetsa kapena kukugoneka panjira.

Mkuluyo anatenganso tayala lakale la 110 lomwe linali pamulu, nalifinya m'mphepete ndi manja onse awiri. Tayala lija linatukumuka pakati ngati msana wa mphaka wokwiya. Limu lakumbuyo la njinga zamtunduwu nthawi zambiri limakhala lotakata mainchesi 1.85, pamene tayala la 110/90-18 limafuna limu la 2.50, likachepetsetsa 2.15. Mukalikakamiza palimu lopanikiza, m'mphepete mwake mumakokedwera m'kati, pakati nkusongoka. Zotsatira zake, mphira wokhudza pansi suchuluka monga mumayembekezera, tayala limadyeka pakati pokha, ndipo pakona njinga imagwera mbali mwadzidzidzi. Mwalipira ndalama zambiri kugula mphira umene ukungoyenda m'malere osagunda nthaka.

Pali china chomwe anyamata ambiri sachiwerengera. Tayala likatakata, limatalikanso. Khoma la 90/90 ndi mamilimita 81, la 110/90 ndi 99. Gudumu lonse limakula ndi mamilimita 36, kapena kuti pafupifupi magawo 6 pa 100. Kwa injini, zimenezi zili ngati mwaichotsera mano angapo pa sipuloketi yakumbuyo: njinga imafooka ponyamuka ndi pachitunda, woyendetsa amakhalitsa m'magiya ang'onoang'ono, kilatchi imavutika. Onjezanipo kulemera kwa tayalalo. Mafuta amapita. Ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wa kabaza amene amaseka ndi dontho la petulo, makamaka kumudzi komwe ambiri amagula wa m'mabotolo pamtengo wa mavenda.

Mfundo yachiwiri ya mphwanga, ya katundu, inali ndi nzeru mkati, ndipo makaniko uja sanaikane. Zoona, tayala lalikulu limasunga mpweya wambiri ndipo limatha kusenza zolemererapo. Koma njira yodziwira mphamvu ya tayala si kuliyang'ana thupi. Pakhoma pake, pambuyo pa saizi, pamakhala nambala ina ndi chilembo, monga 47P, 51P kapena 57P. Nambalayo ndi katundu amene tayala lingasenze likapopedwa bwino: 47 ndi makilogalamu 175, 51 ndi 195, 57 ndi 230. Chilembo P chikutanthauza liwiro losapitirira makilomita 150 pa ola, lomwe kwathu nloto chabe. Pamakhalanso 4PR, 6PR kapena 8PR, kusonyeza kulimba kwa nsalu za m'kati. Matayala awiri a saizi imodzi amatha kusiyana kutalitali pamenepa. Tsono werengani nokha: njinga payokha imapitirira makilogalamu 100, woyendetsa, kasitomala, thumba la makilogalamu 50 pakaliyala, ndipo zambiri mwa izi zikutsamira kumbuyo. Munthu wofuna kusenza asake tayala lolimba la saizi yoyenera limu lake, osati lonenepa.

Pomaliza mkuluyo anatisonyeza timanambala tinayi tomwe timadindidwa m'kabokosi pakhoma la tayala. Tiwiri toyamba ndi sabata, tiwiri totsiriza ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. 1522 ndiye kuti sabata ya 15 m'chaka cha 2022. Mphira umakalamba ngakhale usanagwire ntchito, makamaka ukamakhala padzuwa pamsika. Tayala lowala ndi polishi likhoza kukhala nkhalamba. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mfundo ziwiri zinagwa pamenepo. Yachitatu ija, yonenedwa motsitsa mawu, palibe makaniko angaigwetse, ndipo ine sindikufuna kuinyoza. Mnyamata wa zaka 22 amene sukulu inamuthera pa Fomu 2 chifukwa cha fizi, amene amadzuka nkhuku zisanatsike kukadikira makasitomala pamphepo, ali ndi chinthu chimodzi chokha padziko chomwe anthu amamudziwira. Akamafuna kuti chinthucho chioneke ngati cha pachithunzi, akupempha ulemu. Ndipo anaphunzira kwa ife tomwe. Ndani sanaone magalimoto a matayala onenepa amene amabwera kwathu nthawi ya kampeni, nkuima pabwalo la sukulu, eni ake nkulonjeza phula? Ana amaona kuti wolemekezeka ndi wa tayala lalikulu. Chomwe saona nchakuti magalimoto amenewo amasankha mwezi wobwerera. Mu Febuluwale simungawapeze.

Ndinamuuza mphwangayo mawu amodzi okha pobwerera, tili panjira. Ndinati, "Iwe, njinga iyi ikagwa, sugwa wekha. Agwa ndi amayi ako, ndi mbuzi zawo zitatu zija, ndi munthu amene wakhala kumbuyo kwako atakukhulupirira." Sanayankhe. Anangowonjezera moto pang'ono, kusonyeza kuti wamva koma sanakondwe.

Anagula la 90/90-18, la 6PR, la mano akuya. Ndi lotakatako pang'ono kuposa lakale, limakhala bwino palimu lake, ndipo chala chimalowabe pakati pa tayala ndi tcheni. Ndalama yotsala anagulira chubu chatsopano ndi mabuleki akumbuyo, ndipo ina, poti mwana ndi mwana, anagulira timagetsi tabuluu tomwe timaphethira usiku ngati ziphaniphani. Mnzake wa 110 uja akadali nalo lake, ndipo m'chilimwe chino pasiteji amaoneka bwino kwambiri, makasitomala ena amayambadi kwa iye. Mphwanga amandikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse tikalankhulana.

Inu a m'tauni amene muli ndi m'bale wa kabaza kumudzi, ndipo ndikudziwa kuti ndinu ambiri, tsiku lina foni idzalira kupempha ya tayala. Musangotumiza ndalama nkutseka foni. Mufunseni saizi yolembedwa m'buku la njinga kapena pa tayala lomwe inabwera nalo. Mufunseni nambala ya katundu ndi chaka. Mufunseni ngati chala chikulowa. Akakuyankhani kuti inu mumakwera minibasi, pirirani, nzoona. Koma mitambo ikayamba kusonkhana pamwamba pa Michesi, amene adzakwere kumbuyo kwa njingayo usiku, atagwira mimba, akhoza kukhala mlongo wanu.