Chimene chidatipulumutsa mu 1986

Ndidakulira ku Mitundu, komwe dzuwa limalowera kumapiri a Dzalanyama. Kuseri kwa mapiriwo ndi ku Mozambique. Usiku wina mu Seputembala 1986, bambo anga adamvera BBC motsitsa mawu, kenako adauza mayi kuti amangiretu ufa ndi zofunda.

Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adali atakumana ndi Kamuzu Banda ku Blantyre, kumudzudzula kuti akusunga zigawenga za Renamo. Atabwerera kwawo, Machel adaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Ife a kufupi ndi malire tidagona khutu lili kunja.

Koma nkhondo siidabuke. Chifukwa chake ndidachimvetsa nditakula, ndikuweta ng'ombe za amalume ku Nathenje. Nkhunzi ziwiri zikakumana kudambo zimapalasa pansi, kufwenthera ndi kuyezana ndi maso. Nthawi zambiri iliyonse imapita kwake. Zimagundana pokhapokha ina ikadzinamiza kuti inzakeyo ndi yofooka.

Ndi mmene zidalili. Mozambique idali ndi asilikali ambiri kuposa ife, koma Renamo idali itaifoola. Malawi idali yaing'ono, koma idali paubale ndi South Africa kuyambira 1967. Komanso katundu wathu ankadutsa m'misewu ya anthu omwewo amene ankatikalipira. Aliyense adawerengera n'kupeza kuti angataye zambiri kuposa zimene angapeze. Machel adafa pangozi ya ndege pa 19 Okutobala, ndipo mu Disembala mayiko awiriwa adasainirana pangano la chitetezo. Pofika 1987 asilikali athu ankalondera njanji ya Nacala.

Ndikukumbutsa izi chifukwa nkhani ya malire a Nyanja ya Malawi ikangotuluka, achinyamata pamsika wa Mitundu amayamba kuwerenga mfuti zathu ndi za Tanzania ngati zigoli za mpira. Inde, pangano la Heligoland la 1890 lili kumbali yathu. Koma mafuta ambiri a galimoto zathu amadzera ku Dar es Salaam, ndipo Atanzania nawo amadya nafe pamalonda. Kudalirana kumeneku n'kumene kumagwira dzanja la aliyense.

Chimene ndimaopa ine si mnansi wamphamvu, koma mtsogoleri wowerengera molakwa. Ufa umene mayi adamanga uja tidaudyera pakhomo. Anzathu a kuseri kwa Dzalanyama adasenza wawo pamutu, n'kubwera nawo kuno akuthawa.